Michira Khumi ndi Iwiri ya Kalilu

Kalilu anabadwa ndi mantha monga mmene ena amabadwira ndi chibwibwi. Amene anakula naye pa Kota Kota, pamene lero timati Nkhotakota, amati ali mwana akamva ng'oma ya ukwati ankayamba wafunsa kuti kwagwa zovuta kwa yani. Bambo ake, msodzi wodziwika, anamutenga kamodzi kokha pa bwato, ndipo anabwera naye atagona chafufumimba akutchula maina onse a Mulungu amene anaphunzira ku madrasa. Atafika kumtunda anangomupereka kwa amalume ake, amene anali telala, n'kunena kuti, "Uyu madzi amukana, tamuyesani pa ulusi."

Ulusi sunamukane. Pofika nthawi imene dziko linkalandira ufulu, Kalilu anali ndi makina ake opalasa ndi mwendo pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa pa boma. Ankasoka mikanjo ya Lachisanu, mayunifomu a ana asukulu, madiresi a ukwati ndi zigamba za asodzi. Anakwatira Kulusumu, mkazi wa pakamwa posachedwa, nabereka ana aakazi okhaokha, woyamba Tatu. Anthu ankamutcha afundi, ndipo ankamukonda chifukwa sankatsutsa munthu. Ukamuuza kuti lero kuli mvula dzuwa likuswa mtengo, iye ankangoti, "Indedi, ikuoneka."

Chimene chinamukalambitsa msanga ndi nsalu ya chipani. Nsalu imeneyi inali ndi nkhope ya mwini dziko, yobwerezabwereza m'mizere, ndipo amayi onse ankafuna madiresi ake ovinira. Telala ankayenera kuyendetsa sizasi mozungulira nkhope iliyonse osadula khutu kapena chipewa, komanso kuonetsetsa kuti nkhopeyo isagwere pamene mayi amakhalira. Kunkamveka mphekesera zoti telala wina wa kutali anapukutira mafuta a makina ndi kachidutswa kokhala ndi diso, ndipo sanaonekenso. Kaya zinali zoona kaya zabodza, Kalilu sanafune kufufuza. Ankadula nsaluyo atagwira mpweya, ndipo akamaliza diresi limodzi malaya ake ankakhala atanyowa ngati wachokera kumunda.

Munthu wotere, amene zaka zonsezo sanalakwitsepo msoko umodzi, ndiye anakodwa ndi nkhani ya Agiriki.

Munali m'chaka cha 1986 pamene pa khondepo panafika mphunzitsi wachinyamata, Sailesi, wa kwawo ku Benga, amene anali atangochoka kumene ku koleji n'kuyamba ntchito pa sukulu ina ya sekondale. Anali wowonda, wa maso oyaka, mmodzi mwa anthu aja amene akakonda chinthu amaganiza kuti dziko lonse likuchidikira. Ankafuna makabudula khumi ndi awiri a chiguduli, makutu osongoka, ndi michira.

"Michira, aphunzitsi?" anafunsa Kalilu.

Sailesi anakhala pa benchi n'kuyamba kufotokoza. Anati kalekale Agiriki akachita chikondwerero ankaonera masewero atatu achisoni motsatizana, a mafumu ophedwa ndi mabanja otha, mpaka anthu maso kufiira. Kuti asapite kwawo akulira, pomaliza pankabwera sewero lachinayi la chipwirikiti. M'menemo munkatuluka asatiro, zolengedwa za thupi la munthu koma makutu ndi michira ya kavalo, zidakwa, zodzitama, koma zamantha kotheratu. Kalilu Agiriki ankawadziwa ngati azungu ogulitsa nsomba ndi buledi, sankadziwa kuti makolo awo ankavala michira.

"Koma masewero amenewa anatayika pafupifupi onse, afundi," anapitiriza Sailesi. "Anthu ankangomva kuti analiko. Ndiye akatswiri ena anapita ku dziko la Misiri, kwa mfumu Firauni ya m'mabuku opatulika ija, n'kukakumba m'madzala a mzinda wakufa. Mukudziwa chimene anapeza? Zidutswa za mapepala opangidwa ndi gumbwa, gumbwa yemweyu wa ku Bua amene timalukira mphasa. Munthu wina anataya kudzala, mchenga unakwirira, kulibe mvula kumeneko. Patapita zaka pafupifupi zikwi ziwiri anafukula, mawu akuwerengekabe! Mwina mong'ambika, mwina modyedwa, koma alipo. Ine ndamasulira kachidutswa kamodzi, ndipo anyamata anga akasewera Loweruka la makolo."

Kalilu anafunsa funso limodzi lokha limene linali ndi ntchito kwa iye, ngati akuluakulu avomereza. Sailesi anati mawu onse anatumizidwa kwa oyang'anira masewero ndipo anabwera atadindidwa. Sanapezemo cholakwa, chifukwa mchira si mawu.

Kavalo ku Nkhotakota mungamupeze kuti? Kalilu anapita kwa Fakiri wa butchala, amene ankapha ng'ombe zochokera kumapiri, n'kumupempha kuti azimusungira nsonga za michira. Mphunzitsi anafuna yoyera kuti ioneke ngakhale kwa okhala kumbuyo, choncho Kalilu anaichapa ndi sopo, kuiviika mu laimu, kuipesa mpaka inati mbee. Kuti isalendewere ngati ya ng'ombe yodwala, mchira uliwonse anaupangira tsinde lolimba la waya, lokulungidwa bwino ndi nsalu yakuda, loti lizilowa pa kathumba kosokedwa kumbuyo kwa kabudula. Inali ntchito yokongola, ndipo kwa masiku angapo Kalilu anaiwala kuopa. Makabudula ndi makutu anatumiza kusukulu, michira anaiyanika pa chingwe kuseri kwa nyumba yake.

Masana ena akudya mango pabwalo, ntchentche zinawachulukira. Kulusumu anadzuka, nathothola mchira umodzi pa chingwe, naugwira pa tsinde lakuda lija n'kuyamba kuukupiza uku ndi uku. Kenaka, mwa chibwana chake, anaukweza m'mwamba pang'onopang'ono, nauyendetsa pamwamba pa mitu ya ana ngati akudalitsa khamu.

Bango limene Kalilu ankadya linagwa m'manja. Chimene mkazi wake ananyamula sichinali mchira. Linali litchowa, loyera, la chigwiriro chakuda, lofanana ndendende ndi limene mwini dziko ankanyamula pa chithunzi chilichonse, m'sitolo iliyonse, m'kalasi iliyonse. Ndipo iye Kalilu, ndi manja ake, anali atapanga khumi ndi awiri oti akabayidwe pa matako a anyamata osewera ngati zidakwa, pamaso pa akuluakulu a chipani.

"Ika pansi!" anatero Kalilu. "Mayi a Tatu, ika pansi chimenecho!"

Kulusumu anayang'ana dzanja lake, nayang'ana mwamuna wake. Anauika pansi mwaulemu ngati mwana wogona.

"Kataye kudzala," ananong'ona Kulusumu.

Kudzala! Kalilu anakumbukira za ku Misiri, ndipo nkhani imene inkasangalatsa mphunzitsi ija tsopano inamuopsa. Ngati pepala la gumbwa linadikira zaka zikwi ziwiri kuti liulule zimene munthu anataya, nanga ubweya wa ng'ombe pa dzala la kuseri, pamene agalu amafukula tsiku lililonse? Akuluakulu sananame kuti mlandu suwola. Kuwotcha, fungo la ubweya likanaitana mudzi wonse. Kuponya m'nyanja, makoka akanaikokera kumtunda anthu akuona. Komanso Fakiri, amene pakamwa pake panalibe chitseko, anali atauza kale msika wonse kuti afundi akutolera michira. Anaona kuti njira ndi imodzi, kukapereka michirayo kwa mphunzitsi ndi kumuuza kuti asayerekeze. Anailonga m'thumba, napita nayo ku khonde, naikankhira pansi pa makina kuti akaweruka apite nayo kusukulu.

Tsoka silinunkha. Tsiku lomwelo a Yakubu, tcheyamani wa chipani m'deralo, anabwera kudzatenga diresi la akazi awo. Anali munthu wa thupi, wa nsangala, woseka mokweza, ndipo kuseka kwawoko n'kumene anthu ankakuopa, chifukwa ankaseka chimodzimodzi pa ukwati ndi potumiza ayufi, anyamata a chipani, kukagwetsa chitseko cha munthu. Anakhala pa benchi, natambasula miyendo, ndipo nsapato yawo inagunda thumba lija. Ubweya woyera unasuzumira kunja.

"Kodi afundi, mwabisa chiyani umu?"

Anasolola umodzi. Anaugwira pa tsinde. Pa khondepo panali amuna osewera bawo, ndipo njere zinasiya kulira.

Kalilu anamva lilime lake likuyankhula lokha, iye asanaliuze. "Ndi mphatso, a tcheyamani. Ndimati madoda akamavina pa misonkhano azinyamula, polemekeza. Ndimafuna ndikudzidzimutseni."

A Yakubu anaseka mpaka benchi inagwedera. Anati m'boma monse muno mulibe telala wokonda dziko lake ngati ameneyu, anthu ena atengerepo phunziro. Ananyamula thumba lonse, diresi n'kuliiwala, nachoka akukupiza litchowa lawo latsopano mumsewu.

Kalilu asanapume n'komwe, Sailesi anatulukira pa njinga, nkhope ili mwee, kudzatenga michira yake. Osewera bawo aja anali pomwepo, ndipo pakati pawo panali Alufandika, amene anthu ankanong'onezana kuti chimene wamva m'mawa chimafika ku ofesi dzuwa lisanapendeke. Kalilu anafuna kukokera mphunzitsiyo kuseri, koma kukokera munthu kuseri n'kumene kukanadzutsa mafunso. Anayang'ana pa singano n'kunena mawu ochepa amene anaona kuti sangamupweteke.

"Michira yanu ili ndi a tcheyamani."

Sailesi anaima chilili. Anayang'ana m'munsi mwa msewu, kumene a Yakubu ankaonekabe akukupiza chinthu choyera, ndipo Kalilu anaona kuti mnyamatayo wazindikira tsopano chimene michira ija inkafanana nacho. Anakwera njinga n'kubwerera. Kalilu anadziuza kuti mawa apita kusukulu kukafotokoza bwino. Mawa litafika anaganiza kuti kuonedwa pa sukulu sabata imeneyo n'kudziitanira mavuto, ndipo anati apita nkhani ikazizira.

Seweroli silikanaimitsidwa, chifukwa alendo anali ataitanidwa kale, ndipo kuimitsa chinthu masiku amenewo kunkafuna chifukwa chomveka. Loweruka masana a Yakubu anadutsira pa khonde n'kulamula kuti afundi apite nawo, munthu wotere sayenera kutsala. Anamukhazika pa mpando kumbuyo kwawo kwenikweni, pa mzere wa anthu olemekezeka, pamene Kalilu anali asanakhalepo chibadwire. Litchowa linali m'dzanja la a tcheyamani. Sailesi atasuzumira kuchokera kuseri kwa nsalu yotchinga, maso ake anagwera pa litchowalo, kenaka pa Kalilu, ndipo sanayang'anenso mbali imeneyo.

Anyamata anatuluka, makutu ali njo, matupi opakidwa phulusa. Nkhani yake inali yaifupi. Asatiro anatumidwa ndi mbuye wawo kukatunga madzi pa chitsime china choopsa, ndipo m'njira monse ankadzitama kuti iwo saopa ngakhale milungu. Chingwe cha chitsimecho chitangogwedera chokha, anagwerana, kukwerana pamsana, aliyense kukankhira mnzake kutsogolo. Makolo anaseka mpaka misozi. Koma anyamatawo anali atazolowera poyeserera kugwedeza michira ya zingwe, ndipo matupi awo sanaiwale. Ankagwedeza kumbuyo kopanda kanthu, ndipo pa kabudula aliyense pankaoneka kathumba kakang'ono kakuda, kotseguka kukamwa. Kalilu ankaona mathumba okhawo. Ankayeza ndi maso kukula kwa kathumba ndi kukula kwa chigwiriro chimene chinali m'dzanja la a Yakubu, ndipo ankadziwa kuti aliyense wa maso akhoza kuyeza chimodzimodzi. Anayamba kutchula maina a Mulungu chamumtima monga pa bwato paja.

Pakati pa phokosolo, mnyamata wina ali pakati pa chiganizo, sewero linangoti zii. Pamenepo ndi pamene gumbwa wa ku Misiri anathera, ndipo Sailesi, wokhulupirika kwa akufa ake, anakana kuwapekera mathero. Anthu sanadziwe ngati aombe m'manja. Onse anayang'ana kwa a tcheyamani.

A Yakubu anaimirira, naitana mphunzitsi kuti abwere kutsogolo. "Aphunzitsi, taseka ndithu. Koma ndili ndi funso. Zilombo zanuzi makutu zili nawo. Nanga michira ili kuti?"

Kalilu anatseka maso. M'maganizo mwake anamva kale kulira kwa Landirova ya apolisi, anaona Kulusumu akuthamangira fumbi lake, anaona makina ake akugulitsidwa pa msika.

"Sitikudziwa ngati zinali nayo, bwana," anayankha Sailesi. "Pamalo pamenepo gumbwa anang'ambika."

A Yakubu anaseka kuseka kwawo kuja, anthu onse n'kuseka nawo. Kenaka analoza mphunzitsiyo ndi litchowa, ubweya wake kutsala pang'ono kumukhudza mphuno. "Inu ndi ine tionana, aphunzitsi. Ndikuitanani."

Sabata isanathe Sailesi anasowa. M'nyumba mwake anapezamo mabuku, nsapato ndi njinga. Palibe anafunsa, chifukwa masiku amenewo munthu akasowa ankasowanso m'kamwa mwa anthu. Kalilu sanakayike kuti amutenga, ndipo ankadziwa kuti kumene amapita anthu otengedwa munthu amaulula ngakhale zimene analota. Tsiku lina Sailesi adzatchula amene anasoka michira, ndipo bodza la mphatso lidzakhala mlandu wachiwiri.

Kuyambira pamenepo moyo wa Kalilu unali kudikira. Galimoto iliyonse yoima pafupi ndi msika inkaimitsa mwendo wake pa makina. Anasiya kupita kumaliro akutali kuti akabwera kudzamutenga asavutitse ana. Tatu anamukwatitsa mofulumira kuti ukwati uchitike bambo ake alipo. Choseketsa n'chakuti ulemu wake unkakulirakulira. Madoda ankavina ndi malitchowa ake, a Yakubu ankamutchula pa misonkhano ngati chitsanzo, ndipo ayufi ankamulonjera mogwada. Anyamata a sewero aja okha ndi amene sankamulonjera. Akamuona ankawolokera tsidya lina la msewu, ndipo iye ankati akuthawa munthu amene masiku ake atha. Tsitsi lake linachita imvi zaka zake zisanakwane.

Landirova sinabwere. M'malo mwake kunabwera chaka cha 1993, anthu anavota kuti zipani zichuluke, ndipo amene anatsekeredwa anayamba kutuluka, owonda, ena opanda mano. Kalilu ankayang'ana basi iliyonse yochokera kummwera, koma Sailesi sanatsikemo.

Tsiku lina m'mawa panafika mwamuna wa ndevu ndi buluku loti alipinde, chifukwa telala wake wa nthawi zonse anali kumaliro. Kalilu anamuzindikira. Anali Lazaro, mmodzi mwa asatiro aja, tsopano wogwira ntchito ku chipatala chaching'ono cha kumudzi. Anapereka bulukulo osayang'ana kumaso. Kalilu anayeza, anapinda, analowetsa ulusi, ndipo anafunsa funso limene analisunga zaka zonsezo.

"Kodi achimwene, aphunzitsi anu aja anawatulutsa limodzi ndi anzawo?"

"Kuwatulutsa kuti?"

"Kumene anawatsekera."

Lazaro tsopano anamuyang'ana kumaso. "Afundi, musandiseke. Palibe anawatenga. Anathawa okha wapansi, kudzera ku Kasungu mpaka ku Zambia. A Yakubu anawaitanadi, koma tinamva pambuyo pake kuti ankangofuna sewero lija likaseweredwenso kwa alendo awo. Aphunzitsi anali atapita kale."

"Nanga ankathawa chiyani?"

"Inu."

Kalilu anayang'ana kumbuyo kwake, ngati kuti mwina pali munthu wina.

"Si inu munakapereka michira kwa a tcheyamani? Si inu munakhala kumbuyo kwawo tsiku lija? Aphunzitsi anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti telala watiulula, aliyense adzisamale. Ife tonse takhala tikukuopani, afundi. Ine ndinakana ntchito ya pa boma pano chifukwa njira yake imadutsa pa khonde lanu."

"Kuopa ine?" anatero Kalilu. Munthu amene nkhuku ya Idi ankapita nayo kwa aneba kuti amuchinjire.

Lazaro anapitiriza, mawu atatsika. Anati Sailesi sanaphunzitsenso, ankagulitsa makala m'tauni ina ya kumalire, dzina atasintha. Mayi ake ku Benga anamwalira akufunsa za iye, ndipo iye anamva uthenga koma anaopa kubwera. Chaka chathachi anadwala chifuwa, ndipo anamuika komweko anthu osadziwa dzina lake lenileni.

Kalilu anachotsa mwendo pa makina. Chisoni chimene chinamugwira chinali chachikulu kuposa mantha onse amene anakhala nawo, ndipo analibe poti achiike. Anakumbukira masana aja, njinga itaima apo, Alufandika ali pa bawo, iye maso ali pa singano. Mawu amene anatsala m'kamwa mwake tsiku limenelo sanali ambiri, akanatha kuwanena mphunzitsiyo asanakwere njinga.

Anagwira dzanja la Lazaro ndi manja onse awiri, pa khonde podzaza anthu, ndipo mawu amene anayenera kuuza Sailesi tsiku lija anawayankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Ndinawanamiza a tcheyamani. Sakudziwa kanthu. Musaope, aphunzitsi."